Makolo a ana othamanga, musangoyang'ana dzina la koleji

Akonzi,

Ndine kholo, ndimakhala ku Indiana kuno ku America, ndipo mwana wanga wamkazi amathamanga mpikisano wa makilomita 5 kusekondale. Chaka chino tikusankha koleji, mutu waima ndithu.

Makolo anzanga ambiri amaganiza kuti mwana akangothamanga bwino basi sukolashipu yatheka, koma zoona zake nzakuti masukulu a Ivy League (gulu la mayunivesite 8 otchuka kuno ku America) ngati Harvard ndi Yale sapereka ndalama chifukwa cha masewero, ndipo a NCAA Division III (gawo lachitatu la bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji) monga Williams, Amherst ndi MIT nawonso sapereka, iwo popereka thandizo la fizi amangoona kuti banja limapeza ndalama zingati. Kwa ife olandira zochepa apa mpomwe pali mwayi, chifukwa mtengo umene amalemba pa webusaiti si umene mudzalipire ayi. Lowani pa net price calculator (chowerengera ndalama zimene banja lanu lingalipire) ya pa webusaiti ya koleji iliyonse muwerengere nokha.

Kochi atha kuthandiza kuti mwana aganiziridwe, koma magiredi akhale abwino kaye. Ine ndamuuza wanga asankhe komwe angakhale mosangalala ngakhale atavulala bondo nkusiya kuthamanga, poti ndalama zopatsidwa potengera zimene banja limapeza sizimuchoka akasiya timu.

Kholo lokhudzidwa,
South Bend, Indiana