Za mano musamangolemba zozula, ena tikudwazika a opaleshoni ya nsagwada

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi ndidandauleko pang'ono. Mukamalemba za mano zimangokhala zomwe zija, tizitsuka kawiri patsiku, tichepetse shuga, dzino likabooka tithamangire kuchipatala. Sindikutsutsa ayi, nzabwino ndithu. Koma kunja kuno kuli anthu ena oti vuto lawo si dzino, ndi fupa lomwe manowo anamerapo, ndipo akakapangidwa opaleshoni amabwerera m'manja mwa abale osadziwa kanthu, ngati ife amene. Ine ndakhala gadiyani wa mng'ono wanga yemwe anamukulitsa nsagwada ya m'mwamba ali wamkulu kale, nde ndikufuna ndinene zimene palibe anatiuza m'Chichewa.

Mwanayu chibadwire kumwamba kwa m'kamwa kwake kunali kopanikizika. Akaluma, mano am'mwamba a m'mbalimu amagwera mkati mwa am'munsi m'malo mowaphimba kunja, akutsogolo anapanana mpaka ena kukwerana, amatafunira mbali imodzi, kudziluma tsaya kunali kwa daily. Ife timangoti ndi chibadwa, akuluakulu amati watengera agogo ake. Achimwene athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndi amene anakakamira kuti akaonedwe, ndipo kumeneko madokotala anatifotokozera chonchi. Nsagwada ya m'mwamba si fupa limodzi ayi, ndi awiri, lakumanja ndi lakumanzere, amakumana pakati penipeni kumwamba kwa m'kamwa. Mwana akadali wamng'ono pokumanirapo pamakhala pofewa ngati liwombo lija, moti dokotala amangoika kachitsulo kokankha mbali ziwirizo pang'onopang'ono, popanda mpeni. Koma munthu akamasendera ku zaka 20 pamakhala patagwirana, ukakankha umangopendeketsa mano fupa osasuntha. Nchifukwa chake wamkulu amayamba walowa ku fiyeta. Amamugoneka, amadulira mkati pamwamba pa nkhama moti kumaso sikukhala chipsera, amacheka fupa pamwamba pa mizu ya mano mbali zonse ziwiri komanso pakati pa mano awiri akutsogolo aja, kuti limasuke. Madokotala opaleshoniyi amaitchula kuti SARPE, kachitsuloko amati expander.

Aliyense amafunsa funso limodzi, zimapweteka bwanji? Kunena mosabisa, ululu wa bala si umene unamugwetsa ulesi. Masiku oyamba mlomo wam'mwamba, nkhama ndi m'mbali mwa mphunomu munali dzanzi lokhalokha chifukwa mitsempha ya pamenepo imakhala yagwedezeka, nde kupweteka kwenikweni kumamveka patali. Chimene chinatiopsa ndi mphuno. Inatsekeka, timagazi kumadontha pang'onopang'ono, iye nkumapumira kukamwa usiku onse, kukhosi gwa, milomo kusweka. Ndipo amaletsa kumina kwa ma sabata angapo oyamba, ukafuna kuyetsemula uyasamule kukamwa, chifukwa mabowo a mpweya a m'masayamu amakhala akhudzidwa. Kutupa nako kuli ndi kachitidwe kake komwe kamanamiza anthu. Tsiku la opaleshoni amaoneka bwinobwino, nkumati aa zaphweka, koma tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndi pamene nkhope imafufuma mpaka wekha kumukayikira ngati ndi m'bale wako. Zimenezo nzoyembekezereka, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimaphwa. Ayisi wokulunga m'kansalu amathandiza masiku awiri oyambawo, komanso kugona mutu uli m'mwamba, mapilo awiri atatu.

Kenako pamabwera kiyi. Apa nde pamene gadiyani amagwira ntchito yaudokotala asanaiphunzire. Sayamba tsiku lomwelo, amadikira kaye masiku angapo, pafupifupi sabata, kuti bala ligwireko. Kachitsulo kaja kali ndi sikuluwu pakati, sikuluwuyo ili ndi kabowo, umalowetsa kakiyi nkukankhira kumbuyo cha kukhosi mpaka kabowo kena kaonekere kutsogolo. Kukankha kamodzi kumatsegula pafupifupi kota ya milimita, kutanthauza kuti kanayi ndi milimita imodzi, ndipo dokotala ndi amene amanena kangati patsiku, osati iwe kuonjezera kuti zithe msanga. Ife tinayambira konko ku Johannesburg koma tinadzamalizira kuno ku Mangochi, poti pa boda amangopereka masiku 30. Ndimamugoneka pa mkeka pakhonde mutu uli pamiyendo panga, mwana wanga atagwira tochi ya foni, kiyi nditamangirira ulusi kudzanja kuopa angameze, iye atayasama malovu ali chuchuchu, ine dzanja likunjenjemera kufunafuna kabowo komwe nthawi zina kamakhala katatsekeka ndi phala. Ndikakankha amatsinzina nkugwira pamwamba pa mphuno, amati kukumveka kukankha pakati pa maso mpaka m'masaya, kwa mphindi zochepa kenako zii. Tikatha ndimajambula m'kamwamo nkutumiza pa WhatsApp kwa dokotala. Zinatiyendera, koma amene angakwanitse akhale pafupi ndi dokotala wake mpaka kupotokolako kuthe, za pa foni zija ndi zongokakamizika.

Ndiye mpata. Abale inu mpata uja! Fupa likamatseguka mano awiri akutsogolo amasiyana, tsiku ndi tsiku kumaonjezekera, mpaka mpata oti lilime kumasuzumira. Madokotala amasangalala nawo chifukwa ndi umboni oti fupa likusunthadi, ndipo pambuyo pake manowo amayamba kubwererana okha, otsalawo amadzamaliza ndi mawaya owongola mano aja. Koma kauzeni zimenezo anthu a pa mjigo. Kuno mpata wa pamano ena amati nkukongola, koma ukangotulukira pa munthu wamkulu yemwe dzana analibe, kuphatikiza nkhope yotupa, nkhani zimayenda kuposa kabaza. Ena amati bambo akunyumba anamumenya, ena amati zachitika ndi anthu, ena amati ndalama zasowa ntchito akufuna kuoneka ngati a pa TV. Azakhali athu anafika mmawa wina ndi mphika wa masamba kuti amuthowe, ndinawauza kuti zakhali pepani, mwachita bwino kubwera koma mphikawo ubwerere, dokotala sanalole, anakwiya sabata yathunthu osatiyankha moni. Mng'ono wangayo amagulitsa zitenje, ntchito yofuna kulankhula, koma ndi chitsulo kumwamba kwa m'kamwa lilime limasowa pogunda, mawu kumatuluka ngati mwana ophunzira kuyankhula, makasitomala kumaseka. Anasiya kupita kumsika kwa kanthawi, osati chifukwa cha ululu koma manyazi. Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ndi yomwe imapweteka kwambiri ndipo ilibe panado.

Za chakudya ndiyenera ndikhalitsepo chifukwa pepala lomwe anatipatsa linali ndi zakudya zoti kuno uzisake ndi nyali. Munthuyu saloledwa kutafuna zolimba kwa ma sabata angapo, ndipo olo atalola, mano sakumana bwino. Nsima masiku oyamba iwalani. Chimanga chootcha, mzimbe, mtedza wokazinga, chinangwa chachiwisi, zonsezo ayi. Usipa wouma omwe ndi ndiwo zathu za tsiku ndi tsiku ndi oopsa, timinga take timakalowa pansi pa chitsulo kapena pa ulusi pomwe anasoka. Tinkachita chonchi, usipa kuusinja mu mtondo nkusefa kuti ukhale ufa, kuthira mu phala limodzi ndi nsinjiro. Chambo kapena kampango kuwiritsa, kuchotsa minga ndi zala mosamala, kunyenya mu msuzi wake. Likuni phala, phala la mpunga lothira mkaka, chambiko, mazira ofewa, mbatata ndi maungu zopota, nthochi, mapeyala, nyemba zochotsa makoko za chipere zija, mango ofinya nkusefa ulusi wake. Zonse zikhale zofunda chabe, chifukwa mlomo wadzanzi sumva kutentha, munthu amapsa osadziwa. Ndipo adye pang'ono pang'ono koma pafupipafupi. Anthu amaganiza kuti thobwa ndi fanta zikwanira, ayi, fupa latsopano likufunika kumera pampata paja, thupi likufuna chakudya chenicheni. Iye anatsika thupi ndithu, masiketi kumazungulira, nazonso zinabweretsa nkhani zina zomwe mukuzidziwa kale. Kutentha kwa kuno mu October ndi November musakuchepetse, munthu opumira kukamwa amauma msanga, botolo la madzi lisachoke pambali pake, milomo muzimupaka Vaseline. Kwa abale athu achisilamu, onani kalendala musanagwirizane tsiku, zisakumane ndi Ramadan, ndipo zikakumana kambiranani ndi a shehe ndi dokotala poti odwala ali ndi chilolezo.

Pa mankhwala ndi pamene ndimaopa kwambiri, chifukwa kuno aliyense ndi dokotala. Obwera kudzazonda aliyense ali ndi kapepala ka mapilitsi m'thumba, uyu indosidi, uyu diclofenac, uyu aspirin. Bufeni, indosidi ndi diclofenac ndi a banja limodzi, kuwaphatikiza sikuchotsa ululu kawiri koma kumakanda m'mimba, makamaka munthu oti sakudya mokwanira ngati ameneyu. Aspirin amachedwetsa magazi kuundana, si wa munthu wa bala latsopano. Panado naye ali ndi malire, wamkulu asapyole mapilitsi 8 a 500mg pa maola 24, ndipo mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi panado mkati. Imwani zomwe analemba dokotala, pa nthawi yake, osadikira kuti ululu ufike pachimake. Akapereka ma antibiotic amalizeni. Fodya ayi. M'kamwa muzichukucha mofatsa ndi madzi ofunda othira kamchere mukatha kudya, madzi ake owiritsa, ndipo kajekeseni kopanda singano kamathandiza kupopera madzi pansi pa chitsulo kuchotsa zotsalira, apo ayi fungo lake simungakhale naye pafupi.

Gadiyani adziwenso kusiyanitsa zachizolowezi ndi zoopsa. Dzanzi lotenga ma sabata ngakhale miyezi, malovu ambiri, timagazi tochepa m'mphuno masiku oyamba, zimenezo sizodabwitsa. Koma magazi osaleka olo mwapanikiza, kutupa koyambiranso kapena koonjezekera pomwe kunayamba kuphwa, mafinya, kulephera kumeza kapena kupuma, dzino lakutsogolo kuyamba kuda, chitsulo kugwedera, kapena mbali imodzi yokha kumatseguka inayo ili chiimire, apo musagone, imbani foni kwa dokotala ndipo pitani kuchipatala. Thupi likatentha musangoti ndi malungo poti tili kunyanja, kayezetseni malungowo inde, koma muwauze kuti munthuyu ali ndi bala m'kamwa aonenso kumeneko.

Chimene chinandikwiyitsa mpaka kulemba kalatayi ndi ichi. Tsiku lina nkhama inatupa pafupi ndi chitsulo, tinapita pa kachipatala kena kolipira, sinditchula dzina. Amene tinamupeza anasuzumira m'kamwa, nkuitana mnzake, onse kudabwa, kenako akuti chimenechi ndi chomwe chikumupweteka tichichotse. Ndinachita kuimirira pakati. Chitsulocho kupotokola kukatha chimayenera kukhala momwemo miyezi ingapo, kawirikawiri 3 mpaka 6, kugwiriziza mbali ziwiri zija pomwe fupa latsopano likudzaza pakati. Kuchichotsa msanga nsagwada imabwerera, ululu onse uja ndi ndalama za achimwene kulowa m'madzi. Sindikuwanyoza anyamatawo, chinthu sanachionepo, koma ukakhala sukudziwa umafunsa, sugwira pulayazi. Zinapezeka kuti tinali tizakudya tinakanirira, kutsuka bwino masiku ochepa kunaphwa.

Ndikudziwa ena anena kuti mayi inu, anthu ku Makanjira ndi ku Namwera akusowa owazula dzino, inu mukukamba za opaleshoni ya anthu a ndalama. Zoona, madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine yomwe pano ndi mbali ya yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Tachedwa. Koma zomwe ndalembazi si za mng'ono wanga yekha. Anyamata a kabaza angati amene amathyoka nsagwada pa mseu wa ku Monkey Bay kapena wa ku Liwonde, nkutumizidwa ku Zomba kapena ku Queens, kubwerako mano atamangidwa mawaya? Akafika kunyumba mavuto ake ndi omwewa, adya chiyani, atsuka bwanji, kutupa kuti nkwabwinobwino kuti nkoopsa, ndipo owasamalira ndi mayi kapena mlongo oti pepala la Chingerezi sangawerenge. Komanso makolo akanadziwa kuti mwana wa mano opanana kapena olumana mopingasa akaonedwa akadali ku pulayimale zimatheka kukonza popanda fiyeta, ena sakanafika pomwe tinafika ifepa.

Nde pempho langa a Mkonzi, pezani dokotala wa mano olo kamodzi pamwezi aziyankha mafunso mu tsamba lanuli m'Chichewa chomveka, ndipo tsiku lina alembe za kusamalira munthu amene wachitidwa opaleshoni ya nsagwada, zakudya zake zikhale zopezeka pa msika wathu. A zipatala nawo potulutsa odwala otere azipereka kapepala ka Chichewa, kuno kwathu ndi ka Chiyao komwe, kokhala ndi nambala yoti gadiyani aimbe usiku zikavuta. Mng'ono wangayo pano chitsulo anamuchotsa, ali pa mawaya, mpata watsala pang'ono kutsekeka, kadzanzi kakadalipo pa nkhama ya mano akutsogolo ndipo dokotala akuti tipitirize kudikira. Kumsika anabwerera.

Ine gadiyani,
Mangochi Boma