Kalata kwa mnzanga amene akufuna garaja yake ibwerere

Achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira pamodzi ndi zithunzi zija. Ife kuno tili bwino, kaya inu ndi alamu kutaliko. Nyumba mwapezayo ndi yabwino ndithu, ndakondwa nanu.

Mwafunsa za chipinda chija eni ake akale anasandutsa chogona pomwe chinali garaja, ngati chingabwerere mwakale. Chingabwerere, ifenso tinachita zomwezo. Koma hamala ija mukuti mwagula kale ibayamba yagona. Tengani tepi muyeze galimoto yanu, kenako muyeze chipindacho. Magaraja ambiri akale anamangidwa galimoto zikadali zing'onozing'ono. Toyota Corolla ya masiku ano ndi yaitali pafupifupi mamita 4.6, ndipo m'lifupi mwake ndi pafupifupi 1.8 osawerengera magalasi a m'mbali. Khomo la garaja ya galimoto imodzi limakhala pakati pa mamita 2.1 ndi 2.7 m'lifupi. Galimoto kulowa imalowa, vuto limabwera potsegula chitseko kuti munthu atuluke. Pa zithunzi zanu ndaonanso kuti kumbuyo anadulako kabafa. Kabafa kameneko kadya malo, ndipo mwina mudzayenera kusankha pakati pa iko ndi galimoto.

Khoma lakutsogolo lili ndi zenera lija silindidetsa nkhawa kwenikweni. Kawirikawiri limangokhala lotsekera pamene panali chitseko, silinyamula denga. Chonyamula ndi lintala yodutsa pamwamba pa khomo lakale. Komabe musangokhulupirira mawu angawa. Mmisiri akokote pulasitala pamwamba pa zeneralo, aone ngati lintalayo ilipo, ngati ikufika mbali zonse ziwiri, ndiponso ngati ilibe ming'alu. Pali amisiri ena amene posandutsa garaja amaichotsa n'kuikapo ina yaifupi yongokwanira zenera. Mukapeza zotero musagwetse njerwa ngakhale imodzi mpaka injiniya atabwera. Ndipo musanakhudze khomalo zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu, chifukwa soketi imene ndikuiona pansi pa zeneralo ili ndi mawaya oyenda m'kati mwa khoma lomwelo.

Nkhani yaikulu ili pansi. Anthu akamaganiza za garaja amaganiza za chitseko, koma chimene chimadya nthawi ndi ndalama ndi pamene galimoto idzaponde. Pansi pa garaja pamamangidwa motsikirapo kusiyana ndi m'nyumba, ndipo pamapendekera pang'ono kukhomo kuti madzi a m'matayala ndi mafuta otayika azituluka panja. Posandutsa chipinda amapakweza kuti pafanane ndi m'nyumba. Ena amayala mapulanga pamwamba pa mitanda, ena amathira simenti yopyapyala n'kuikapo matailosi. Gogodani ndi chidendene mumve. Pakamalira ngati ng'oma ndiye kuti ndi mapulanga, ndipo mwachita mwayi: mumangozula, konkire yakale n'kuonekera. Pakakhala gwa, konzekerani fumbi.

Mwina mudzaganiza zongosiya matailosiwo poti ndi okongola. Ine sindingakulimbikitseni. Galimoto ngati Corolla imalemera kuposa makilogalamu 1,000, ndipo kulemera konseko kumatsikira pa timalo tinayi pamene matayala agunda pansi. Tsiku limene mudzaikepo jeke posintha tayala, gawo lalikulu la kulemerako lidzasonkhana pa kamalo kamodzi. Matailosi a m'chipinda chogona sanapangidwire zimenezo, amasweka, ndipo akanyowa amaterera. Simenti yopyapyala ya pansi pake nayo imayamba kusweka n'kumatuluka zibenthuzibenthu. Ndi bwino kuswa zonse mpaka mufike pa konkire yeniyeni. Mukaipeza ili bwino, itsukeni, mutseke ming'alu, basi. Mukaipeza yofumbutuka, thirani yatsopano yokhuthala masentimita osachepera 10, yokhala ndi waya m'kati, ndipo mmisiri aipendeketse kukhomo ndi levulo, osati ndi maso. Apa m'pofunika mtima wodekha. Konkire imaoneka youma mawa lake lomwe, koma mphamvu yake amaiwerengera pa masiku 28. Masiku oyambawo muziithirira madzi kuti isaume mofulumira, ndipo galimoto ibagona panja.

Muonenso kunja. Garaja ikatsekedwa zaka zambiri, anthu amadzala maluwa kutsogolo kwake, dothi n'kukwera. Mukatsitsa pansi pa m'kati osakonza kunjako, mvula yoyamba idzalowa yonse. Kangalande kokhala ndi chitsulo pamwamba, kodutsa kutsogolo kwa khomo, kamathetsa zimenezi.

Tsopano ndinene chimene chandichititsa kuti ndilembe kalata yaitali m'malo mongoyankha pa foni. Chipindacho chili ndi chitseko cholowera m'nyumba, ndipo ndaona kuti ndi chopepuka chija cha m'zipinda, chokhala ndi mpata pansi. Injini ikamalira imatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Chitseko chimenecho chichoke, paikidwe cholimba, chochedwa kugwira moto, chokhala ndi labala m'mphepete ndiponso chodzitseka chokha. Bowo lililonse limene anaboola pakati pa chipindacho ndi nyumba, la mapaipi kaya la mpweya, litsekedwe, osaiwala kudenga ngati siling'i yake ndi imodzi ndi ya zipinda zogona. Mugulenso kachipangizo kolira kakamva mpweyawu, mukaike m'nyumba pafupi ndi chitsekocho. Chizolowezi chanu chija cholizira injini m'mawa kuti itenthe muzikachitira panja, ngakhale chitseko cha garaja chili chotsegula.

Petulo naye ali ndi khalidwe lake. Nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya wamba, motero imatsika n'kumayenda pansipansi. N'chifukwa chake masoketi a m'munsi aja ayenera kukwezedwa ndi wa zamagetsi wodziwa ntchito, ndipo chilichonse choyaka ndi lawi la moto chisakhale pansi m'menemo. Kapeti ndi makatani zichoke, zimamwa oilo.

Za chitseko chachikulu sindinena zambiri. Chopinda m'mwamba chimasunga malo koma chimafuna mpata pamwamba pa khomo, ndiye siling'i imene anaitsitsa ija ingafunike kukwezedwa. Chotsegukira kunja n'chosavuta kukonza chikawonongeka. Chiitanitseni khomo litatsegulidwa kale, muyeso weniweni uli m'manja.

Musanayambe mukafunse ku ofesi yoona za mapulani a nyumba kwanuko ngati pakufunika chilolezo, poti malamulo amasiyana malo ndi malo, ndipo a inshuwalansi muwadziwitse. Alamu nawo mukambirane nawo bwinobwino. M'kalata yanu yonse simunatchulemo maganizo awo, pamene chipinda chikuchokacho n'chimene pa zithunzi mukuoneka makina awo osokera.

Munditumizire chithunzi cha pamwamba pa zenera mutakokota pulasitala, ndi muyeso wa kuchokera pansi kufika ku siling'i. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.

Ndine mnzanu wa kalekale.