Amayi, ntchito yanga ndi yoyala kapinga

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi achemwali ndi ana onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kungoti mwezi uno wa Julaye kukuzizira ndipo mvula siikukata, poti ku Cape Town mvula imagwa nthawi yachisanu, pamene kwathu kuli gwa. Ndalama ya simenti ndatumiza pa Mukuru, achemwali akatenge.

Achemwali anandiuza pafoni kuti mtima wanu sukukhazikika chifukwa ena akukuuzani kuti ndimangoyala makapeti panja pa nyumba za anthu. Musadandaule, Amayi. Ndi ntchito ya luso, ndipo ndikufuna muimvetse.

Timayala kapinga wochita kupanga, wapulasitiki, ngati uja wa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre. Amalume amamudziwa, poti sajomba kukaonera Bullets ikamasewera ndi Wanderers. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timamanga timabwalo tating'ono kuseri kwa nyumba za mabanja, m'madera ngati Durbanville, Constantia ndi Somerset West, kuti ana azisewera mpira, hockey kapena kiriketi ali kumpanda kwawo. Anthu kuno anayamba kumufuna kwambiri kapingayu chifukwa cha chilala cha 2017 ndi 2018. Damu lalikulu la Theewaterskloof linatsala pang'ono kuphwa, ndipo kuyambira February 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Kuthirira kapinga ndi madzi a pampopi kunaletsedwa, moti kapinga weniweni anauma m'makomo ambiri. Anthu sanaiwalebe mpaka lero.

Kapinga amene amaoneka pamwamba ndi mbali yochepa chabe ya ntchitoyi. Thukuta lonse lili pansi. Timayamba ndi piki ndi fosholo, kupala udzu ndi dothi la pamwamba pafupifupi masentimita 10, n'kututa pa wilibala. Nyumba zambiri kanjira kopita kuseri n'kopapatiza, thirakitala singalowe, ndiye zonse ndi manja. Dothi lakuda lachonde likamakwera lole mtima umandiwawa, ndimaganiza za dimba lathu kudambo, kuti likanapita kumeneko tomato akanabereka bwanji. Tikatero timayala nsalu yolimba yotchinga udzu kuti usamere, kenako kwale, kenako fumbi la kwale. Sitithira zonse kamodzi. Timathira pang'ono, kuwaza madzi, kutsendera ndi makina ogwedera, kuthiranso, kutsenderanso. Makinawo ukawagwira tsiku lonse, madzulo manja amanjenjemerabe ngakhale pogwira kapu ya tiyi.

Bwalo liyenera kuoneka lathyathyathya, koma limakhala lopendekera pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuti madzi a mvula azipeza kolowera. Diso silingaone zimenezi, koma chingwe ndi levulo zimaona. Pano kapitawo amandisiyira ineyo kuti ndiyeze, ndipo anyamata atsopano ndimawaphunzitsa ndine. Mpira ukagubuduzika molunjika osakhota, ndimadziwa kuti pansipo tagwira bwino.

Chimene chimafuna mtima wodekha ndi kulumikiza. Kapingayu amabwera m'mipukutu yolemera, ina yotambalala mamita 4, ndipo timasamba take timagonera mbali imodzi. Ukayala mpukutu wina motembenuza, bwalo limaoneka la mitundu iwiri. Ndiye timagwada, kudula m'mphepete ndi mpeni wakuthwa motsata mzere wa ulusi kunsi kwake, kuyala tepi pansi, kupaka guluu, n'kutseka mbali ziwirizo pang'onopang'ono kwinaku tikukweza timasamba ndi zala kuti tisamatirire. Mizere yoyera ya bwalo sitipenta. Timadula kapinga wobiriwira n'kulowetsamo woyera. Pomaliza timakhoma m'mphepete, kuwaza mchenga wouma wosefa bwino n'kuupesera mkati ndi burashi kuti kapinga alemere komanso aime chilili. Guluu safuna chinyezi, n'chifukwa chake nyengo ino masiku ena timaweruka msanga ndipo ndalama imachepa. Mukaona ndatumiza zochepa, chifukwa chake n'chimenecho, si matenda ayi.

Eni nyumba akandifunsa ndimawauza zoona. Dzuwa la Januwale kapingayu amatentha moti mwana sangapondepo opanda nsapato, ndipo pakapita zaka amatha, amafunika kusintha. Wina akafuna kudula mtengo wa mthunzi kuti bwalo likule, ndimapempha kapitawo amulangize ausiye. Koma ndikaona ana akuthamangira pabwalo tisanamalize n'komwe kulongedza zipangizo, mvula itangokata koma popanda matope, ndimasangalala kuchokera pansi pa mtima. Ndimakumbukiranso ana a achemwali, ndipo mpira wawo ndagula kale, ubwera ndi munthu wa basi kumapeto kwa mwezi.

Tsopano za nyumba yathu, Amayi, apa mumvetsetse. Mmisiri asathire simenti ya pansi asanatsendere dothi. Achemwali akaimirire pomwepo. Azithira dothi pang'ono, kuwaza madzi, kusinja ndi chipika cholemera mpaka phazi lisamasiye chidindo, kenako n'kuthiranso lina. Akathira lonse kamodzi, pansi padzatitimira ndipo simenti idzang'ambika mvula yoyamba. Khonde nalo alipendeketse pang'ono kuti madzi azithawira kubwalo, asamabwerere kukhoma. Akanena kuti zikuchedwetsa ntchito, mumuuze kuti ndalama ya masiku owonjezerawo ndilipira ine. Achemwali ajambule zithunzi asanathire simenti, anditumizire pa WhatsApp ndione.

Mupereke moni kwa amalume, azakhali ndi anthu onse a kutchalitchi. Mankhwala anu a BP musadumphitse.

Ndine mwana wanu,
ku Cape Town