Wayilesi siphunzitsa yokha m'kalasi

Akonzi,

Ndiloleni ndithirire ndemanga pa nkhani ya maphunziro a pa wayilesi. Pulogalamu ya Tikwere, yomwe inayamba kumveka pa MBC mu 2008 pofuna kuthandiza ana a Sitandade 1 mpaka 3, inakonzedwa kuti phunziro lililonse la mphindi 30 likhale ndi aphunzitsi awiri: wa m'wayilesi ndi wa m'kalasi. Wachiwiriyu ndi amene timamuiwala.

Woulutsa akati "ana inu, werengani miyala isanu", amasiya mpata wa masekondi ochepa chabe. Ngati miyalayo sinatoledwe, mpatawo umatha ana ali kukamwa yasa, phunziro n'kupitirira. Choncho mphunzitsi awerengeretu buku lomutsogolera dzulo lake, asonkhanitse miyala, timitengo kapena zitsekerero za mabotolo, alembe mawu a tsikulo pa bolodi, ndipo atchere wayilesi kudakali mphindi 5. Pulogalamu ikatha pakhale mphindi 10 zobwereza ndi kulemba m'makope, chifukwa zimene mwana wangomva osazigwira ndi manja zimauluka msanga. Aphunzitsi ena, tinene zoona, amatsegula wayilesi n'kupita kukachonga makope panja. Pamenepo ana akungomvera nyimbo basi.

Wayilesi ikhale pa tebulo kapena pa mpando pakati pa ana, osati pansi. Kalasi ikapitirira ana 100, akumbuyo samva, makamaka pansi pa mtengo kukakhala mphepo, kapena mvula ikamagunda pa malata.

Mawayilesi opukusa ndi a sola amafa ndi zinthu ziwiri. Chopukusira chimathyoka ana akamalimbirana kupukusa mwamphamvu, ndipo batire imafooka ikakhala m'kabati tchuthi chonse osatchajidwa. Pakhale mphunzitsi mmodzi woisamalira, aziyanika padzuwa m'mawa uliwonse, ngakhale pa holide kamodzi pa sabata.

Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, vuto losowa mphunzitsi wachiwiri lija linaonekeranso kunyumba. Wayilesi ya pabanja imodzi, bambo apita nayo kudimba, ndipo woti akhale pambali pa mwana palibe. N'chifukwa chake maphunziro ayenera kubwerezedwa madzulo pa mawayilesi a m'madera monga Dzimwe ku Monkey Bay ndi Mudzi Wathu ku Mchinji.

Kanema ndi nkhani ina, poti magetsi kumidzi yambiri sanafike. Phindu lake lili ku sukulu za sekondale zoyendera (CDSS) zopanda labu, komwe mwana wa Fomu 4 angathe kuona ndi maso mmene asidi amasinthira mtundu wa kapepala koyezera asidi kotchedwa litmus.

Pempho langa ku unduna wa zamaphunziro ndi loti maphunzirowa aikidwe pa mamemore khadi n'kugawidwa kudzera m'ma TDC (malo ochitirako maphunziro a aphunzitsi m'mazoni), kuti mphunzitsi azitha kuimitsa phunziro ndi kubwereza pomwe ana atsalira.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa pulayimale, Ntchisi