Kalata kwa Tadala, pa za kuchipinda

Tadala mwana wanga,

Usiku uja utadula foni tulo sitinabwere msanga. Mawu ako akuti "Amayi, mwina ndikudwala", podandaula kuti chilakolako cha amuna ako chakuchepera, anandikhala pamtima. Pakamwa ndinachita manyazi, n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Sukudwala ayi. Ndakulera ndine. Uli ndi zaka 9 unkadzuka pakati pa usiku kukagwira chitseko kuti uone ngati chakhomedwa, ndipo mayeso akayandikira unkaonda. Mtima wankhawa umenewo sunausiye panja tsiku la ukwati wako. Unalowa nawo kuchipinda.

Ndili pa ntchito ya unamwino ndinawerenga za akatswiri awiri a ku Kinsey Institute, malo ofufuzira za kugonana ku America, John Bancroft ndi Erick Janssen. Iwo anafotokoza kuti mu ubongo muli mphamvu ziwiri, ina yodzutsa chilakolako, ina yochiletsa, ngati mmene galimoto ilili ndi popondera moto komanso buleki. Anthu timabadwa ndi kukula mosiyana. Wina buleki yake ndi yolimba, ngakhale kunja kuli phokoso iye zake zimayenda. Wina, ngati iwe ndi ine, kakhanda kakangotsokomola basi, thupi lonse lazizira. Ndiye amuna ambiri amalimbikira kuponda moto, osadziwa kuti phazi lina lili pa buleki.

Ndikuuze zimene sindinauzepo munthu. Utabadwa iwe, kwa miyezi yambiri ndinkawakana bambo ako, mpaka anayamba kundikayikira. Chipinda chathu chinalibe loko. Khutu langa linkakhala pa khomo, kuopa kuti mchimwene wako atulukira. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza. Sanayankhe kanthu, koma m'mawa mwake ndinawapeza atagwada pakhomopo ndi hamala ndi misomali. Kachitsulo kakang'ono kameneko kanakonza zimene kukangana kwa miyezi kunalephera. Mpaka lero ndikakumbukira misozi imalengeza.

Wadandaulanso kuti suyamba ndiwe kuwafuna amuna ako. Mu 2000 dokotala wina wa ku Canada, Rosemary Basson, analemba kuti kwa akazi ambiri, makamaka amene akhalitsa m'banja, chilakolako sichitsogola. Chimabwera pambuyo, munthu atacheza, atasisitidwa, mtima utakhala pansi. Choncho usamadziyeze ndi mmene bambo a Mphatso alili. Iwo moto wawo umayaka wokha, wako umafuna woukoleza, ndipo ukayaka sutentha mochepera.

Koma pali mdani mmodzi amene ndikumuopa kwa iwe. Akatswiri ena a ku America, William Masters ndi Virginia Johnson, mu 1970, anatchula za munthu amene nthawi ya chikondi amakhala ngati waima pambali n'kumadziyang'ana yekha. Kodi mimba yanga ikuoneka bwanji? Mizere ya uchembereyi akuiona? Ndikuchedwa kodi? Maganizo akakhala otanganidwa chonchi, thupi silimva kanthu. Ndinakuona tsiku lija ukukoka malaya kubisa mimba ngakhale tinali awiri okha. Thupi limenelo labereka munthu, mwana wanga. Ukazindikira kuti wayamba kudziweruza, bweza maganizo ku mpweya wako ndi ku dzanja limene likukukhudza.

Amuna akonso uwamvetse. Ndawaona kuti ndi munthu wosayankhula zambiri, ndipo anthu otero nthawi zina chikondi amachinena ndi thupi chifukwa pakamwa mawu satuluka. Ukati "lero ayi", iwo amamva "sindikukufunani". Uziwauza zonse ziwiri: kuti watopa, ndiponso kuti ukuwafunabe. Izi sizikutanthauza kuti uzivomera mokakamizika. Chochita mwamantha kapena mongopirira chimalimbitsa buleki ija, ndipo mawa zimavuta koposa. Nkhanizi muzikambirana masana, mutavala, mitima ili m'malo, osati pabedi wina atakhumudwa kale.

Kumbukiranso kuti ukuyamwitsa. Homoni ya m'thupi yotchedwa prolactin, imene imachititsa kuti mkaka upangike, imachepetsa chilakolako ndipo kumusi kumauma. Zimenezi zimasintha mwana akamasiya bere. Koma ngati ukumva ululu, kapena chisoni chikukupanikiza masabata ambiri osachoka, pita kuchipatala, ndipo amuna ako akuperekeze.

Mwezi wamawa ndibwera kudzamutenga Mphatso masana a Loweruka, kuti nyumba ikhale ya inu awiri. Undipatsire moni bambo ake.

Ndine amayi ako.