Ulendo wa ku phanga la Kalemba

Mamembala onse a gulu loyendera mapanga,

Loweruka likudzali tikupita ku phanga la Kalemba m'boma la Chadiza, lomwe katswiri wofukula zinthu zakale David Phillipson anakumbamo mu 1971. Tikumane pamsika wa Kapata 5:30 m'mawa. Basi inyamuka 6 koloko, wochedwa tidzamusiya.

Aliyense apereke K150 ya mafuta kwa msungichuma pofika Lachinayi. Tengani tochi ndi mabatire ena apadera, madzi malita awiri, kamba, nsapato zotseka zogwira bwino pamwala, ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno. Chotchingachi musachiiwale: fumbi la ndowe zouma za mileme likalowa m'mapapo limadwalitsa. Amene zimawavuta akalumidwa ndi njuchi atiuziretu, chifukwa njuchi zimakonda kumanga m'ming'alu ya miyala.

Tikafika tiyamba taonekera kwa amfumu. Malowa ndi otetezedwa ndi National Heritage Conservation Commission, bungwe la boma la Zambia losamalira malo a mbiri yakale, choncho palibe kutola phale, mwala kapena fupa ngakhale limodzi. Zojambula za pathanthwe musazikhudze, thukuta la m'manja limazidetsa. Ena amawazapo madzi kuti zioneke bwino pachithunzi. Chonde musayerekeze, madziwo amasukulutsa utoto ndipo ukachoka subwereranso. Moto ndi fodya ayi, mwaye umakwirira zojambula. Yendani pang'onopang'ono kuti fumbi lisabuke, ndipo musapise dzanja m'dzenje lomwe simukuona mkati mwake.

Amene mukupita yankhani pano kuti "ndilipo" pofika Lachitatu madzulo, tidziwe kukula kwa basi yoti tibwereke.

Mlembi wa gulu