Lipoti la msonkhano wounika mapulani a nyumba yosungiramo mpunga

A wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse a kopaletivu,

Munandituma ku Salima boma kuti ndikakhale khutu lanu pa msonkhano wa mapulani a nyumba yathu yosungiramo mpunga. Kunali wojambula mapulani, injiniya, mkulu wowerengera zipangizo ndi mitengo yake, komanso nthumwi ya ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo.

Chithunzi chokongola chija tinakhoma mu ofesichi palibe mmisiri angamangire. Ntchito tsopano yafika polemba kanthu kalikonse mwatsatanetsatane. Anatiyalira mapepala tebulo lonse. La kayalidwe ka zipinda lili pa sikelo ya 1:100, ndiye kuti sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi. A maziko ndi a pomwe denga likumana ndi khoma ali pa 1:20, moti umachita kuona popindikira chitsulo chilichonse. Palinso buku lofotokoza mtundu wa zipangizo, ndi ndandanda wotchedwa BOQ woonetsa kuchuluka kwa konkire, zitsulo ndi malata. Makontilakitala onse adzalemba mitengo yawo pa BOQ yomweyi, kuti wina asadzatinamize ndi mtengo wotsika atachotsamo zina mwakachetechete.

Nthawi yambiri inathera pa maziko. Injiniya wakana kusaina pepala la maziko dothi lisanayezedwe, ndipo ine ndikumuikira kumbuyo. Malo athu ali m'mbali mwa dambo, dothi lake ndi lamakande: dzinja limafufuma, chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa dzanja. Iye anatikumbutsanso chivomerezi cha mu Marichi 1989 chomwe chinagwetsa nyumba zambiri kuno ku Salima, akuluakulu muli panonu mukuchidziwa bwino kuposa ine. N'chifukwa chake waika mizati ya konkire m'makona ndi ring'ibimu, lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse pamwamba pa makoma, wa zitsulo za Y12 (zonenepa mamilimita 12). Denga nalo lidzamangiriridwa ku ring'ibimuyo ndi zitsulo, osati kungokhomerera misomali, poti mphepo ya mvula zoyamba kunyanja kuno simasewera.

Pansi padzakwezedwa kuti madzi asalowe, athire mankhwala a chiswe, ayale pulasitiki, kenako konkire. M'mwamba mwa makoma mukhala timazenera ta mpweya totchingidwa ndi waya kuti mbalame ndi makoswe zisalowe. Za njerwa zootcha zomwe ena tinkafuna kuumba tokha tiiwale. Kuyambira 2018 malamulo saloleza njerwa zoterezi pa nyumba za mabungwe ndi zamalonda, ndiye tidzamanga ndi mabuloko a simenti.

Nkhani ya khomo munandiuza ija ndinaitula. Papulani linali lopapatiza, loti lole singafike nalo pafupi, matumba tizichita kusenza kuchokera panja. Wojambula anavomera kulikulitsa ndi kuika khonde lopakirira. Pomwepo anatenga cholembera n'kulemba m'kabokosi ka pakona ya pepala: Rev B (kutanthauza pepala lokonzedwanso lolowa m'malo mwa lakale la Rev A), tsiku, chomwe chasintha, ndi dzina la amene wapempha. Anati pepala la Rev A lidindidwe kuti latha ntchito, chifukwa likatsala m'thumba la kapitawo, iye amanga khomo lakale lija ndipo mlandu sukhala wake.

Apa ndiye pagona nkhani, a wapampando, ndipo mundikhululukire ndinene mosapsatira. Ife tili ndi chizolowezi choti membala akamadutsa pomwe akumanga amaima n'kuuza mmisiri kuti zenera ili lisunthe, apa muonjezerepo kachipinda. Mapeto a mwezi kontilakitala amabwera ndi bilu, aliyense n'kumakana kuti sindinanene ndine. Lero kusuntha khomo kwatidyera inki yokha. Khoma likaima, kusuntha komweko ndi kugumula, simenti ina ndi malipiro ena. Choncho tagwirizana kuti mapulani akasainidwa, chosintha chilichonse chizilembedwa m'buku la pamalo omangira, chiwerengeredwe mtengo, komiti ivomereze, ntchito izichitika pambuyo. Mapulani, BOQ, zokambirana za misonkhano ndi kalata ya chilolezo cha khonsolo zikhale mu fayilo imodzi kwa a mlembi, ndipo zijambulidwenso pa foni kuopa chiswe ndi mvula.

Chimodzi sichinandikomere: mapepala onse ali m'Chingerezi cha akatswiri. Ndapempha kuti atilembere chidule m'Chichewa tisanasaine, ndipo avomera.

Zatsalira inu ndi izi. Ndalama yoyezera dothi mulibe mu bajeti yathu, tione kotapa. Musankhenso munthu mmodzi yekha wolankhula ndi kontilakitala m'dzina la kopaletivu. Za kaofesi ka sikelo yoyezera mpunga, kaya kakhale mkati kaya panja, akufuna yankho lathu lolemba asanatulutse mapulani omaliza, ndiye ndikupempha kuti tikambirane lero lomwe.